Kenjebai Anafuula Msanga

Kenjebai anabadwira panjira, banja lake likusamuka kuchoka kumsasa wa chisanu kupita kubusa la chilimwe, ndipo amayi ake ankati n'chifukwa chake sanaphunzire kukhala pansi. Anakula wamfupi, wamatewe chifukwa cha hatchi, mawu ake aakulu kuposa chifuwa chimene ankatulukamo.

Ntchito imene boma linamulembera inali yoweta mahatchi a pafamu. Ntchito imene anadzilembera yekha inali yonyamula nkhani zabwino. Mwana akabadwa kutsidya kwa mtsinje, msilikali akatsika sitima, mtsikana akakhoza mayeso ku Karaganda, Kenjebai ankamva woyamba, ngati kuti mphepo inali mlamu wake. Ankadumphira pa hatchi yake yotuwa n'kuyamba kufuula nyumba isanaoneke n'komwe: "Suyinshi! Suyinshi!" Eni nyumba ankasiya chilichonse chinali m'manja, pakuti mawu amenewo safuulidwa pa choipa. Koma nkhaniyo sankaimasula mpaka mwini nyumba atanena kuti tenga chimene mtima wako wafuna. Apo ankatsika, n'kupukuta thukuta mosafulumira, n'kupempha madzi akumwa, anthu ali jegwejegwe, kenaka n'kunena kuti ndi wamwamuna, ndipo watenga makutu a agogo ake.

Sankasankha zazikulu. Mpango, mpeni, lamba wachikopa, kapena kathumba ka kurt, timibulu touma ta chambiko timene ankayenda nato m'thumba chaka chonse. Chimene ankakonda sichinali mphatso. Ankakonda kamphindi kaja pamene nkhope ya munthu imatseguka.

Mphatso yaikulu anaitenga kamodzi kokha. Nkhondo itangotha anathamangira kwa mkulu wina woweta ngamila ndi nkhani yoti mwana wake, amene anamulira kale maliro, ali moyo m'chipatala cha kutali ndipo walemba kalata. Mkuluyo anagwada m'fumbi nati atenge chilichonse, ngakhale ngamila yoyera. Kenjebai anayang'ana ngamilayo, nayang'ananso mtsikana amene anaima pakhomo ndi ketulo m'manja, n'kuloza ndi chikwapu. Mkulu uja analira n'kuseka nthawi imodzi. Mtsikanayo, dzina lake Balkiya, ananena kuti iye si ngamila, nalowa m'nyumba. Koma tiyi amene anatuluka naye anali woyera ndi mkaka kuposa wa alendo wamba, ndipo atsekwe asanadutse kachiwiri ukwati unachitika.

Anali ndi mnzake, Orazali, woweta ngamila wa nyumba yoyandikana. Anabadwa chaka chimodzi, motero mwambo unawalola kunyozana mpaka kumanda popanda wina kukwiya. Orazali ankati Kenjebai ndi wailesi ya miyendo inayi yosowa pozimitsira. Kenjebai ankati Orazali ndi ngamila zake amasiyana linunda lokha.

Chaka chinkayenda ndi nkhani zake. Chipale chofewa chikasungunuka, nkhani zinali za ana a ziweto ndi za misewu yotseguka. Udzu ukafika m'mawondo, mkaka wa hatchi ukuwira m'matumba achikopa, zinali za maukwati. Udzu ukayera, zinali za tirigu ndi za ana obwera kusukulu. Chisanu chikatseka chidikha chonse, nkhani zinkachepa ngati msipu, ndipo iliyonse inkalemera: kuti dalaivala wosochera mumkuntho wapezeka, kuti nkhalamba yodwala yapempha nyama.

Kenaka kumwamba kunayamba kugwa alendo.

Chidikha chawo n'chosalala, chopanda mtengo, choncho akuluakulu a zombo zamlengalenga anachisankha kukhala bwalo lotererapo. Poyamba nkhosa zinkabalalika ndipo amayi okalamba ankapemphera. Patapita zaka anthu anazolowera. Asilikali akabwera ndi magalimoto n'kumanga mahema pachitsime chakale, aliyense ankadziwa kuti mawa kapena mkuja kudzamveka kugunda kuwiri kopanda mtambo, kenaka parachuti adzatseguka pamwamba ngati duwa, pansi pake pakulendewera chombo chakuda ngati mphika wopserera. M'kati munkatuluka anyamata otumbuluka, miyendo itaiwala nthaka, akumwetulira ngati makanda. Zingwe za parachuti zinali zabwino pomangira mahatchi, ndipo panalibe nyumba imene inalibeko kachidutswa.

Kenjebai anapeza ntchito yake pomwepo. Chombo sichinkagwa pamene asilikali achiyembekezera, ndipo galimoto siidziwa pooloka. Iye ankaona fumbi, n'kuthamangira kumahema, n'kuwatsogolera. Mkulu wa asilikali aja, mwamuna wamtali wa imvi m'mbali, anaphunzira mwambo wa suyinshi ndipo ankaukonda. Ankasungiratu kanthu m'thumba.

Tsiku lina kunacha bwino. Unali mwezi womweta udzu, mame asanaume, chidikha chonse chikununkhira. Kenjebai anali pamtumbira ndi mahatchi pamene kunagunda kawiri. Anaona parachuti akutseguka bwinobwino, wodzaza mphepo, osapindika pena paliponse. Anaona chombo chikutsika mofatsa, chikutulutsa moto wake waung'ono pafupi ndi nthaka monga mwa masiku onse, n'kukhala phee m'maluwa. Pa zaka zonsezo sanaonepo kutera kokongola chotero. Panali mtunda wongoyenda pang'ono kuti afikepo. Sanapite. Anatembenuza hatchi, naithamangitsa kuchitsime.

Anayamba kufuula ali patali. Asilikali anatuluka m'mahema, ndipo anaona kuti nkhope zawo zinali zomangika, chifukwa wailesi ya m'chombo inali itakhala chete kwa nthawi. Atamva mawu ake anamasuka onse pamodzi. Wina anaponya chipewa m'mwamba. Mkulu wa imvi uja anamukumbatira asanatsike n'komwe pa hatchi, navula wotchi ya pamkono pake n'kumufumbatitsa.

"Atera bwino," anatero Kenjebai. "Ngati dzira pa ubweya."

Anawatsogolera akuimba. Atafika, asilikali anagogoda pachombo. Anagogodanso. Atatsegula chitseko anapeza amuna awiri atakhala m'mipando yawo, malamba ali chimangire, nkhope zili phee ngati ogona. Madokotala anawagoneka paudzu nagwira ntchito mpaka dzuwa linakwera. Pambuyo pake kunamveka kuti mpweya unawathawira akali kumwamba, podzera pa kaboo kosalowa n'chala. Chombo chinatera chokha, monga anachiphunzitsira.

Kenjebai anaima pambali, wotchi ikugunda m'dzanja lake. Anaiika pa chopondera cha galimoto popanda womuona. Kunyumba anapita wapansi, akukoka hatchi.

Kwawo uthenga wa imfa sathamanga nawo. Amapita akuluakulu, angapo pamodzi, amakhala pansi, amayamba ndi za nyengo ndi za makolo amene anapita, mpaka wofedwa atazindikira yekha. Iye anali atafuula chimwemwe pamaliro, n'kulandira mphatso. Panalibe amene anamudzudzula poyera. Mayi wina wokalamba anangonena kuchitsime kuti kuthamanga sikufika, ndipo mawuwo anamupeza. Kuyambira tsiku limenelo sanafuulenso.

Zinadutsa zaka zisanu ndi ziwiri. Udzu unkamera, unkamwetedwa, chipale chinkaukwirira. Ana sanaleke kubadwa, koma nkhani zawo zinkayenda motsimphina. Orazali anagula njinga yamoto nati ntchito yaitenga iye. Phokoso la injini linkameza mawu ake, ndipo akafika pakhomo ankakhala ataiwala ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Tsiku lina analakwitsa nyumba, nauza mayi wamasiye wopanda ana kuti mpongozi wake wachira, ndipo anathawa atalandira chipande pamsana. Madzulo ake anabwera kudzaonetsa chotupacho.

"Taona zimene ndikuvutika nazo chifukwa cha iwe. Tambala wosalira timaphikatu, ukudziwa?"

"Phika," anatero Kenjebai, akusoka chishalo. "Mano otafunira uwabwereka kwa ngamila."

Anaseka onse awiri, koma Kenjebai chishalo sanachiike pansi.

Sanali munthu wachisoni. Ankadya bwino, ankavina pamaukwati, ankaphunzitsa ana a mahatchi kuyenda ndi chingwe. Nkhani ankazimvabe woyamba, pakuti mphepo sinamusiye chibale. Akamva, miyendo inkanyamuka yokha kulunjika pa hatchi, ndiye ankagwira chingwe n'kuima, mpaka zitamudutsa.

Mwana wake wamkazi Gauhar atachira kuchipatala cha pafamu, m'mwezi wa mphepo youma, Kenjebai anali panja pa zenera ndipo anamva kulira koyamba. Namwino anamuonetsa zala kuti zonse zili bwino. Anakwera hatchi, naiyendetsa pang'onopang'ono ngati yanyamula mazira. Atafika anamasula chishalo, anamwetsa hatchi, anasamba m'manja, nakhala pansi kumwa tiyi. Balkiya anamuyang'ana, iye anayang'ana m'mbale. Tiyi asanathe njinga ya Orazali inalira pakhomo.

Orazali atachoka ndi mpango watsopano m'khosi, Balkiya anakhala moyang'anana ndi mwamuna wake.

"Inu bambo a Gauhar, mdzukulu wanga woyamba ndimumve kwa Orazali? Munthu wosadziwa n'komwe ngati ndi mtsikana?"

"Ndi mtsikana."

"Ndiye munali nazo m'kamwa, mukumwera tiyi wanga."

"Ndimati agone kaye, adzuke. Tione."

"Mudikira mpaka akwatiwe?" Anatola mbale, nazibwezanso pansi. "Anthu aja sanafe ndi mawu anu. Anafika ali chete kale."

Kenjebai anati akudziwa. Ankadziwadi. Koma pakhosi sipamva nzeru.

Chisanu cha chaka chachisanu ndi chiwiri chinachedwa kuchoka. Mwezi wa chaka chatsopano cha makolo unayandikira chipale chikadali m'mawondo, masana chikunyowa pamwamba, kukazizira chikuuma ngati galasi. Tsiku lina m'mawa mitambo inatsika mpaka kukhudza makutu a hatchi, mphepo ikuuluza chipale chopyapyala. Kenjebai anatuluka kukafuna hatchi yaikazi imene inkakonda kukaberekera payokha. Pachitsime panalibe hema ngakhale mmodzi, motero panalibe amene ankayembekezera alendo.

Kunagunda kawiri, pafupi kwambiri.

Hatchi yake, mdzukulu wa yotuwa ija, inanjanja. Kenjebai anaigwira, namvetsera. Mtima unamuuza kuti atembenuke apite kunyumba, atseke chitseko, zimve ena. Kenaka pakati pa mitambo anaona nsalu yofiirira ikukupiza pansi ngati mbalame yothyoka phiko, ndipo anapita komweko.

Chombo chinagona cham'mbali m'mphepete mwa dambo la mchere, chipale chikulira tswii pozungulira. Mphepo inali itadzaza parachuti ndipo inkachikoka pang'onopang'ono kulowera kudambo, kumene madzi oundana anali atayamba kufooka. Kenjebai anatsika, nadula zingwe ndi mpeni, chimodzichimodzi, mpaka nsalu inauluka yokha n'kukakodwa patchire. Chombo chinaima. Kunangotsala mphepo.

Anagogoda katatu ndi chigwiriro cha chikwapu. Zii. Anaika khutu pachitsulo, chinamuotcha, nabwerera. Ananena kapemphero kamene amayi ake ankanena poolotsa nkhosa pamtsinje. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anagogodanso, nadikira, chipale chikumudzaza m'ndevu.

M'kati munamveka go, go, go.

Chitseko chinatenga nthawi kuti chitseguke. Panatuluka mutu wonyowa ndi thukuta, ndevu za masabata ambiri, maso ofiira akuphethira. Munthuyo anayang'ana chipale, hatchi, ndi mkulu wamfupi wa chipewa cha nkhandwe.

"Bambo, kuno ndi kuti?"

Kenjebai ankadziwa Chirasha cha kunkhondo, chodzaza zotukwana, koma chinkagwira ntchito.

"Kwa Kenjebai. Muli angati?"

"Awiri."

"Ine ndikuona mmodzi."

Anamukoka monga amakokera mwana wa hatchi wobadwa cham'mbuyo, namukhazika chotsamira chombo. Dzina lake anati ndi Arkadi. Anafotokoza mopuma kuti atera kutali kwambiri ndi kumene akuwafunira, kuti mlongoti wa wailesi wathyokera pansi pa chombo, kuti ndi mitambo imeneyi helikopita singanyamuke, ndipo zovala zawo zanyowa, sangapirire kuzizira kukada. Kenjebai sanadikire kuti amalize. Analowetsa mutu m'chombo.

Wachiwiriyo ankalendewera m'malamba, maso ali chitsinzinire, nkhope ili phee. Inali nkhope imene Kenjebai ankaidziwa. Anaiona kale pa amuna awiri a m'chombo chija.

Arkadi anati mnzakeyo, Timofei, anangokomoka pamene chombo chinamenya pansi, mtima ukugunda, waumva yekha, ndipo chofunika tsopano n'chakuti mkuluyo akwere hatchi akapeze lamya. Kenjebai anapukusa mutu. Anamasula malamba, namutulutsa, namugoneka pachikhoti chake cha chikopa cha nkhosa. Anamupaka chipale kumaso. Anamuwomba mbama ziwiri zaulemu. Palibe chinachitika. Arkadi anayamba kukalipa kuti nthawi ikutha, ndipo iye ndiye mkulu wa chombo, akulamula.

"Kumwamba ndinu mkulu," anatero Kenjebai. "Pano mwakhalira chipale changa."

Anapisa m'thumba natulutsa kurt mmodzi, wouma gwa, wa chilimwe chathachi. Anatsegula pakamwa pa Timofei ndi chala, namuika kurt palilime. Anadikira. Nsidze zinagwedera. Mphuno inakwinyika. Nkhope yonse yabata ija inapindika ngati chikopa chowauka, ndipo Timofei analavula, nakhosomola, nafunsa ndi mawu osasa kuti ndi mwana wa galu uti akumudyetsa choko chamchere.

Kenjebai anaseka mpaka anakhala pansi m'chipale. Anaseka misozi ikuundana m'masaya. Kenaka anatulutsa kurt wina, napatsa aliyense wake, naima chilili mpaka ataona onse awiri akutafuna ndi kumeza.

"Wakufa satafuna," anawauza.

Anawafunditsa chikhoti chimodzi onse awiri, nawonjezera nsalu ya parachuti, nasonkha moto wa tizitsamba touma kuseri kwa chombo, nawasiyira machesi ndi mpeni. Anakwera hatchi atavala malaya okha ndi chipewa. Atafika pamtumbira anaima. Anayang'ana m'mbuyo: anaona utsi, koma sanaone chogwedezeka. Anatembenuka, nabwerera liwiro mpaka pamoto.

"Tikadali moyo, bambo!" anakuwa Arkadi. "Pitani, chonde, mutipha ndi chikondi!"

Apo anapita.

Lamya yapafupi inali pakasiteshoni ka sitima, kanyumba kamodzi ndi thanki ya madzi, kumene Lidiya, mkazi wa woyendera njanji, ankalandira mauthenga. Panali ulendo wa theka la tsiku kwa munthu woyenda mwaulemu. Kenjebai sanayende mwaulemu. Chipale chouma pamwamba chinkatema miyendo ya hatchi, mphepo inkamuboola malaya, koma thupi lake linakumbuka zonse: kugona pakhosi pa hatchi, kuilankhula m'khutu, kudziwa pansi pa chipale pamene pali dzenje. Mawu aja anayamba kukwera kuchokera m'mimba. Anafika pakhosi n'kuima. Anaona thanki ya madzi patali, malo amene kale akanayambira kufuula, ndipo anadutsapo ali duu.

Analowa m'kanyumba chipale chili mbuu thupi lonse, natsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Lidiya anamudziwa zaka makumi awiri. Ataona munthu wopanda chikhoti, milomo yakuda, wosalankhula, anaimirira pang'onopang'ono nagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndani, a Kenjebai? Nenani. Ndi Balkiya?"

Kenjebai anaona nkhope ya mayiyo ikutsekeka chifukwa cha kukhala chete kwake. Pamenepo mawu anatuluka, adzimbiri, osweka pakati ngati a tambala wamng'ono.

"Suyinshi."

Lidiya anagwera pampando, namutukwana m'zilankhulo ziwiri. Atamva nkhani yake anapukusa chogwirira cha lamya ngati akupera nyama, nadutsa kwa mayi wolumikiza lamya kuboma, kwa wina wa kutauni, mpaka anafika kwa asilikali. Kenjebai anamulanda lamya. Tsopano pakhosi panali patatseguka, ndipo anafuula mwakuti magalasi a zenera ananjenjemera.

Kumbali inayo kunali mawu a munthu wachinyamata, wotopa, amene sanamvepo za mwambo umenewu. Anafunsa kuti ndani ameneyu, akuti chiyani, kodi waledzera. Kenjebai anafuulanso. Lidiya anamulandanso lamyayo.

"Bwana, kuno munthu akafuula choncho ndiye kuti anthu anu ali moyo." Anayang'ana Kenjebai, iye anaimika zala ziwiri. "Onse awiri. Akuti anawaona akutafuna. Koma malowo sanena mpaka mumulonjeze mphatso, ndi mmene timachitira."

M'lamya munamveka phokoso ngati la mtsinje wosefukira, anthu ambiri m'chipinda chakutali akukuwa, mipando ikugwa. Mawu achinyamata aja anabwerera, nati mupatseni chilichonse, ngakhale sitima yonse, angonena malo.

Kenjebai ananena bwinobwino: kumpoto kwa dambo la mchere, osati lalikulu koma limene munamira ng'ombe ya Orazali, ukadutsa manda a wosula, kumanzere kwa pamene hatchi yake yaikazi imakonda kuberekera. Lidiya anatseka maso, nasandutsa zonsezo kukhala manambala a zipilala za njanji.

Atamaliza, mawu aja anafunsa kuti nanga mkuluyo akufuna chiyani. Kenjebai anapeza kuti sanaganizireko. Njira yonse sanaganize za mpango kapena mpeni. Anaima akudontha madzi pansi pa Lidiya, kenaka anafunsa ngati anyamatawo ali ndi akazi. Anamuyankha kuti ali nawo, ndipo akhala pafupi ndi lamya kuyambira m'mawa.

"Musawaimbire," anatero. "Wina athamange. Apite yekha ndi miyendo, ayambe kufuula akali pamsewu. Chimenecho ndicho ndatenga."

Mawu aja analonjeza. Lidiya anabweza lamya pamalo pake nati pa zitsiru zonse za m'chidikha ichi iye ndiye mfumu yake, munthu kumupatsa sitima yonse iye n'kupempha liwiro la munthu wina. Anamukhazika pafupi ndi mbaula, namuveka chikhoti chakuda cha mwamuna wake, cha mabatani a njanji, chofika m'mapazi.

Magalimoto oyenda pa maunyolo anafika dzuwa litapendeka, ndipo Kenjebai anakwera kutsogolo kuwalozera njira. Anapeza moto ukuyakabe, awiri aja akukangana kuti ndani wakoka chikhoti kwambiri. Madokotala anawanyamula pamachira atakulungidwa m'chikhoti chomwecho, ndipo panalibe amene anakumbuka kuti chili ndi mwini wake. Timofei anatulutsa dzanja napempha choko china cha panjira.

Kenjebai anagona pasiteshoni kuti hatchi ipume. M'mawa mphepo inali itatembenuka, ikuchokera kumwera, yofunda ngati mpweya wa ng'ombe. Mitambo inakwera. Pansi pa chipale pankamveka madzi akuyenda, ndipo m'malo otsetsereka nthaka yakuda inayamba kuonekera, ikufuka nthunzi. Anayenda mosafulumira, chikhoti cha njanji chikukupiza m'nthiti mwa hatchi. Hatchi yaikazi ija anaipeza payokha kuseri kwa manda a wosula, isanabereke, ikumuyang'ana ngati yofunsa kuti anali kuti.

Nyumba zitayamba kuoneka, utsi uli njo m'mwamba, anadzera kuseri kwa khola la Orazali. Pamenepo, pa ndowe zouma, ngamila yaikazi inaima ikung'ung'udza, ndipo pansi pake panali kamwana konyowa, miyendo yaitali yopindikapindika, kakuyesa kudzuka n'kugwa. Chitseko cha Orazali chinali chitsekere. Mwini wake anali asanadziwe.

Kenjebai anatsika. Anadikira mpaka kamwanako kanaima, kanadzandira, kanapeza bere. Anamva kakumeza. Ndiye anakwera, nabwerera m'mbuyo mtunda ndithu kuti hatchi ipeze poyambira liwiro.

Agalu ndiwo anayamba kumva. Zitseko zinatseguka motsatana, amayi akutuluka ndi mitanda ya ufa m'manja, nkhalamba zikufunsana ngati makutu akuwanamiza. Orazali anatuluka nsapato imodzi ili kuphazi, ina m'manja.

"Ndani wakonza wailesi ija?" anafunsa. "Tinali pamtendere ife."

"Lonjeza kaye, linunda iwe."

"Tenga chimene ukufuna. Tenga njinga, yandikwana."

Kenjebai anatsika, napukuta thukuta mosafulumira, napempha madzi akumwa. Anthu anamuzungulira. Kuseri kwawo, pakhomo pake, Balkiya anaima manja ali m'chiuno. Anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumabatani, ndipo milomo yake inkakana kukhala molunjika.

"Inu bambo a Gauhar," anaitana, "chikhoti chimene ndinasoka chisanu chonse mwachisiya kuti?"

"Lonjezani kaye," anatero Kenjebai, namwa madzi ake.